Kusaka akhwangwala ndi abakha pagulu: mafunso ndi mayankho pa mwambo wa kawomberedwe

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene sachoka pakamwa pa alenje atsopano, makamaka amene anazolowera kuyenda okha ndipo tsopano aitanidwa kukakhala mumsasa umodzi wobisaliramo mbalame ndi anzawo atatu kapena anayi. Mfuti imene tikunena ndi shotigani, ija imamwaza tinjere tambirimbiri pa chipolopolo chimodzi. Malamulo a boma amasiyana dziko ndi dziko, ndiye amene tatchula pano ndi zitsanzo chabe. Za laisensi ya mfuti ndi chilolezo chosakira muthane nazo musanavale n'komwe nsapato.

Mbalame zili mumlengalenga, mfuti ndi yanga. Mwambo ukulowapo pati?

Ukulowa poti phewa la mnzanu lagundana ndi lanu. Mumsasa wa abakha anthu amakhala mothithikana pamzere, nthawi zina m'bwato logwedera, kunja kusanayere, zala zitauma ndi kuzizira. Abakha akatsika, onse amadzambatuka pamodzi, ndipo pomatha masekondi atatu kapena anayi nkhani yatha. M'kanthawi kameneko mulibe mpata wokambirana. Zimene simunapangane mfuti zikadali m'zikwama, simudzapangananso mbalame zili pamutu.

Mwambowu mbali ina ndi wosunga moyo, mbali ina ndi waulemu, koma ziwirizi n'zolukana. Mlenje amene amasirira mbalame za mnzake ndi yemwe uja mpope wa mfuti yake umadutsa pankhope za anthu.

Ndani amalamula kuti tsopano tiwombere?

Munthu mmodzi, ndipo asankhidwe musanakhale pansi. Kawirikawiri amakhala mwini malowo, kapena amene akuimba chitoliro choitanira mbalame, poti iyeyo ndiye maso ake ali pa izo pamene ena mwawerama. Mugwirizanenso mawu ake, akhale afupi ngati "Tiyeni nazo!" Asanatero, mfuti yanu isachoke pamene ili.

Abakha amazungulira kawiri kapena katatu asanakhulupirire kuti pansipo ndi pabwino, kenaka amatembenukira kumene mphepo ikuchokera, n'kukunga mapiko, n'kutsitsa miyendo. Mlenje wa phuma akawombera pa kuzungulira koyamba, wagwetsa mmodzi mwina, koma walanda anzake onse mwayi. Wolamula nayenso ndi munthu, tsiku lina adzadikira mopitirira mpaka gulu lonse lidzapita. Zikatero musekerane, musamulande udindo.

Gulu la abakha likatsika, ndingadziwe bwanji amene ali anga?

Funso lalikulu ndi limeneli. Khalani pamalo panu, tambasulirani manja onse patsogolo, muwatalikitse pang'ono apange mphanda. Danga la pakati pa manjawo, pafupifupi madigiri 45, ndiye chigawo chanu. Mbalame ikalowamo ndi yanu. Ikatulukamo yapita, ngakhale mutaiphonya ndi nthenga imodzi.

Wokhala kumapeto a kumanzere atenge mbalame za kumanzere kwa gululo, wa kumanja za kumanja, apakati za pakati. Awiri a m'mphepetewo ali ndi ufulu wokhotera kunja, kumene kulibe munthu, koma apakati alibe, ndipo n'chifukwa chake mlenje wamanzere amamuika kumapeto a kumanja, kumene thupi lake limakhotera mosavuta. Gulu likamadutsa chopingasa kuchokera kumanja kupita kumanzere, wa kumanzere atenge otsogola, wa kumanja atenge otsalira. Chimene chimachitika anthu akapanda kupangana n'chakuti maso onse amagwera bakha mmodzi, wamphongo wonenepa amene ali pafupi, n'kumuthira zipolopolo zinayi, anzake khumi n'kuuluka osakhudzidwa.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. M'mawa wina bakha anadutsa mofulumira kulowera kumanja, ine n'kumutsatira ndi mfuti, diso lili pa iye yekha. Ndinangomva mpope waima gwa. Mkulu amene anali kumanja kwanga anali atauletsa ndi chikhatho, n'kuukankhira kutsogolo pang'onopang'ono. Sananene kanthu. Anatola kapu yake n'kupitiriza kumwa tiyi, koma dzanja likunjenjemera moti tiyi wina anatayikira pabondo. Bakha uja sindikumbukanso mtundu wake, koma banga la tiyi lija ndimaliona mpaka lero.

Mbalame zodzera kumbuyo kwa msasa zisiyeni, pokhapokha munagwirizana kale kuti wakutiwakuti ndiye wa kumbuyo. Mupanganenso ngati mukuwombera chokhala kapena choimirira. Wina akaimirira mnzake akuwombera chokhala, mutu wake umakalowa m'njira ya tinjere. M'bwato laling'ono, onse chokhala.

Nanga ikabwera mbalame imodzi yokha?

Muzisinthana. Yambani ndi mlendo, mwana kapena amene sanagwetse kalikonse, ndipo wolamula atchule dzina: "Uyo ndi wanu, akulu." Enanu mungathandize pokhapokha mwini wake waphonya ndipo mbalameyo yalowa m'chigawo chanu. Koma mupatseni mpata aombe kawiri. Kumuphera bakha munthu akadali kukweza mfuti kumawawa kuposa kuphonya.

Kodi ngozi zimenezi zimachitikadi, kapena n'kuopsezana chabe?

Zimachitika, ndipo sizisankha mlenje wadzulo. Pa 11 February 2006, Dick Cheney, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti wa United States, anawombera mnzake Harry Whittington, loya wa zaka 78, akusaka zinziri ku Texas. Whittington anatsalira kufunafuna mbalame imene anagwetsa, kenaka anabwerera chakumbuyo kwa mzere. Cheney anatembenuka kutsatira mbalame ina ndipo tinjere tinamupeza mnzakeyo kunkhope, pakhosi ndi pachifuwa. Anapulumuka, koma kanjere kena kanafika pafupi ndi mtima.

Pankhaniyi pali maphunziro awiri. Amene wachoka pamalo pake azinena mokweza pochoka ndi pobwera. Koma mlandu waukulu umakhala pa wowombera: ngati simukudziwa kumene aliyense wa gulu lanu ali, simuwombera.

Mfuti ndiike liti zipolopolo, ndipo izipenya kuti tikamadikira?

Ikani mutakhala kale pamalo panu, nthawi yololedwa itakwana. Ku United States abakha amayamba kuwomberedwa kutatsala theka la ola kuti dzuwa lituluke, ndipo amalekeza dzuwa likalowa. Poyenda, pokwera bwato, polumpha mpanda kapena ngalande, mfuti ikhale yopanda kanthu ndiponso yotsegula, kuti aliyense aone yekha popanda kufunsa.

Podikira, kukamwa kwa mfuti kuloze kumwamba ndi kutsogolo, kunja kwa msasa. Musangoitsamiritsa pa bango poti galu kapena bondo la munthu lingaigwetse. Loko, kabatani koletsa mfuti kulira mwangozi, amachotsedwa mfuti ikukwera kupita paphewa, osati mutangomva mapiko, ndipo chala chisakhudze kachitsulo kowombera nthawi isanakwane. Mukatha kuwombera bwezeraninso loko, ndipo mnzanu akakufunsani ngati mwatseka musakwiye. Kagwireni n'kumuyankha.

Wina akatuluka kukakonza zidole za abakha, zimene amayandamitsa pamadzi kuti zikope mbalame, kapena kukatola mbalame, mfuti zonse pansi, zotsegula. Abakha amakonda kubwera nthawi yomweyo, ngati akuchita dala. Asiyeni adutse.

Mukaterereka mpope n'kulowa m'matope, chotsani zipolopolo musuzumire mkati musanachite china chilichonse. Mpope wotsekeka umaphulika, ndipo zidutswa zake zimapita kwa amene wakhala pambali panu.

Ndi patali bwanji pamene sipayenera kuwomberedwa?

Kwa alenje ambiri malire ndi mamita 35. Kupitirira apo tinjere timakhala titamwazikana ndiponso titafooka, moti mbalame imangolasidwa n'kukafera kutali mawa kapena mkuja. Njira yosavuta ndi kuika chidole chakutali kwambiri pa mapazi pafupifupi 35 kuchokera pamsasa, chikhale ngati chizindikiro. Atsekwe amanyenga kwambiri chifukwa cha kukula kwawo: amaoneka ngati ali pafupi ndiponso ngati akuuluka mwaulesi, pamene ali kutali ndipo akuthamanga.

Kuwombera mbalame zam'mwambamwamba ndi khalidwe limene alenje amadana nalo kwambiri, chifukwa limaphunzitsa mbalame za dera lonse kuopa zidole. Musaiwalenso kuti ngakhale tinjere timaleka kupha bakha pa mamita 50, tokulirapo timatha kuuluka mamita 300 tisanagwe. Muzidziwa chimene chili kuseri kwa bango lija: nyumba, msewu, ziweto kapena asodzi.

Bakha wagwa koma akusambira. Ndimumalize?

Amalizidwe msanga, asanamire kapena kulowa m'bango. Kusiya mbalame yovulala n'kumathamangira ina ndi nkhanza, ndipo ku United States lamulo limakakamiza mlenje kuyesetsa kutola mbalame iliyonse imene wagwetsa. Koma kuwombera pamadzi ndiko koopsa koposa, poti tinjere timadumpha pamwamba pa madzi ngati mwala wophwatalala. Awombere munthu mmodzi, amene bakhayo ali m'chigawo chake, atanena mokweza kuti "Ndikumaliza wapamadziyo," ndipo galu akadali mumsasa. Galu akangolowa m'madzi, palibenso wowombera pansi.

Galu amalamulidwa ndi mwini wake yekha. Anthu anayi akamakuwa uyu "Tenga!" uyu "Bwera!", ngakhale galu wa mtundu wa Labrador wophunzitsidwa bwino amasokonezeka. Musabwere ndi galu wanu osapempha, ndipo ngati amalira mumsasa kapena kudumpha mfuti isanalire, mumangeni.

Tawombera awiri, bakha wagwa mmodzi. Ndi wa yani?

Ngati aliyense anasunga chigawo chake, funsoli silibwera kawirikawiri. Likabwera, mbalame ndi ya amene inagwera m'chigawo chake, ndipo pokayikitsa mupatseni mnzanu. Pali alenje ena oti mbalame iliyonse ikagwa amakuwa "Wanga uyo!" ngakhale utsi usanathe. Anthu sawatsutsa, amangoleka kuwaitana.

Mkangano weniweni umabuka bakha akapezeka ndi kamphete kachitsulo kumwendo, kamene akatswiri a mbalame amaveka kuti adziwe maulendo ake. Alenje amatikonda timphete timeneti ngati mendulo. Ngati palibe akudziwa bwino amene anagwetsa, chitani mayere, ndipo wopambanayo asaiwale kutumiza nambala yake kwa amene anaveka kampheteko, poti ndiyo ntchito yake.

Ine ndakwanitsa chiwerengero changa. Ndingamuthandize mnzanga kukwanitsa chake?

Kumene lamulo limaika chiwerengero pa mlenje aliyense, monga ku United States kumene m'madera ambiri ndi abakha 6 patsiku, yankho ndi ayi. Chiwerengerocho si cha gulu. Aliyense aziika mbalame zake padera, osaunjika mulu umodzi. Mukakwanitsa, chotsani zipolopolo, muthandize kuyang'ana kumwamba ndi kutola. Ndipo ngakhale kumene lamulo silinena kanthu, mnzanuyo sanadzuke usiku kuti adzaonerere inu.

Kodi akhwangwala amasakidwa mofanana ndi abakha?

Za chigawo, za loko ndi za wolamula n'zomwezo, koma mbalameyo ndi ina. Paja amati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba. Bakha amabwera chifukwa akufuna kutera pamene anzake atera. Khwangwala amabwera kudzaona chimene chikuchitika, ndipo amabwera akukayika kale. Maso ake ndi akuthwa ndipo saiwala. Ku University of Washington, John Marzluff ndi anzake anagwira akhwangwala atavala chigoba cha nkhope, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake mbalamezo zinkalalatira aliyense wovala chigobacho, ngakhale zina zimene sizinagwidwepo. Choncho munthu mmodzi akadzutsa nkhope, kuloza ndi dzanja kapena kunyezimiritsa wotchi, waonongera gulu lonse, mwina osati tsiku limenelo lokha.

Alenje ambiri amaika chidole cha kadzidzi pamtengo, poti akhwangwala amadana ndi kadzidzi, amene amawagwira usiku ali m'tulo. Akamuona masana amaitanizana n'kumuunjirira mwaphokoso. Apa ndiye pamene mwambo umayesedwa. Mbalame zimachokera mbali zonse, zina kutsika, zina kukhota mwadzidzidzi, zina kudzera pamutu penipeni, ndipo mlenje wotengeka amayamba kuzungulira ngati nguli mfuti ili paphewa. N'chifukwa chake pa akhwangwala gulu laling'ono ndiye labwino, awiri kapena atatu. Awiri akhoza kukhala moyandikana wina kuyang'ana uku wina uko, aliyense ndi theka lake la thambo. Ngati mwabisala m'zitsamba zosiyana, aliyense aone ndi maso ake pamene mnzake wakhala, ndipo pasakhale wosuntha osanena. Mbalame youluka m'munsi mwa nsonga za mitengo isawomberedwe, chifukwa zovala zobisalira zimene zikunamiza khwangwala zikubisanso mnzanu.

Za malamulo, musaganize kuti khwangwala alibe mwini. Ku United States ali pansi pa chitetezo cha lamulo la mbalame zosamukasamuka kuyambira 1972, ndipo nyengo yowasaka siipitirira masiku 124 pachaka, kupatulapo nthawi imene amaswa kwambiri. Ku Britain amaphedwa pa zifukwa zokhazo zolembedwa m'chilolezo, monga kuteteza ziweto kapena mbalame zina. M'mayiko awiri onsewa muli mtundu wina waukulu wofanana naye umene ndi wotetezedwa, ndiye si mbalame yakuda iliyonse imene ili yanu.

Amati khwangwala woyamba asaphonyedwe. N'zoona?

Kawirikawiri mmodzi kapena awiri amatsogola, ndipo akaona anthu amabwerera akulira kulira kochenjeza, ena onse n'kukhota. Alenje amagawanika: ena amati woyambayo mpatseni katswiri wa gulu, ena amati musiyeni adutse osakuonani kuti akoke anzake. Njira zonse ziwiri zimagwira. Imene siigwira ndi yoti atatu amuwombere ali kutali, onse n'kuphonya. Sankhani imodzi musanayambe kuitana.

Ndili ndi chitoliro changa. Ndingamaimbe nawo?

Funsani wolamula, ndipo akati ayi chibwezereni m'thumba. Pa abakha, kuimba kolakwika mbalame zili pafupi kumazithamangitsa, ndipo malo ophunzirira ndi kunyumba. Pa akhwangwala zitoliro ziwiri zimathandiza chifukwa phokoso la ndewu ndilo limawakoka, komabe mmodzi azitsogolera. Makina oitanira amagetsi ndi oletsedwa pa abakha ku United States, pamene pa akhwangwala madera ambiri amalola.

Mnzanga akawombera khutu langa limalira tsiku lonse. Vuto ndi la yani?

La nonse awiri. Kulira kwa shotigani kumapitirira madesibelo (muyeso wa phokoso) 150, pamene 140 ndi okwanira kuononga khutu nthawi imodzi, ndipo khutu likaonongeka silibwerera. Valani zotseka m'makutu. Koma ngati mnzanuyo akuwombera kukamwa kwa mfuti kuli pafupi ndi mutu wanu, ndiye kuti watuluka m'chigawo chake, ndipo muyenera kumuuza. Mpope uzitulukira kunja kwa msasa, kutsogolo kwa mzere wa mitu.

Tingabwerekane zipolopolo?

Mungathe, mutawerenga zolembedwa pa chipolopolo ndi pa mpope. Ngozi yodziwika ndi ya geji 20 ndi geji 12 (geji ndi muyeso wa kukula kwa mpope ndi chipolopolo chake). Chipolopolo cha geji 20 n'chocheperapo, moti chikalowa mu mfuti ya geji 12 chimatsetsereka n'kukakamira mkati mwa mpope. Mwini mfuti amaona ngati sanaikemo kanthu, amaika china pambuyo pake, ndipo mfuti imaphulikira m'manja. N'chifukwa chake opanga ambiri amapanga za geji 20 zachikasu. Musasakanize mitundu iwiriyi m'thumba limodzi.

Onaninso kuti tinjere take ndi tachiyani. Tamtovu tikagwera m'madzi abakha amatimeza podya, timaphwanyika m'nthutumba, ndipo mbalame imafa pang'onopang'ono ndi poizoni. United States inaletsa mtovu posaka mbalame zam'madzi mu 1991, England inaika ziletso zake mu 1999, ndipo mayiko a European Union analetsa m'madambo ndi m'mphepete mwake kuyambira February 2023. Amene amasaka akhwangwala kumunda ndi tamtovu akhuthule matumba a jekete asanapite kudambo. Ku United States mfuti ya abakha siyeneranso kutenga zipolopolo zoposa zitatu, ndiye ngati munachotsa kamtengo kochepetsa malo posaka akhwangwala, kabwezereni.

Tafika pamalo tapeza gulu lina latitsogolera. Titani?

Pamalo a aliyense, woyamba kufika ndiye mwini tsikulo. Pitani patali, mamita mazana angapo, pamene tinjere tanu sitingawagwere ndiponso simukutsekereza njira imene mbalame zikudzera popita kwa iwo. Abakha akamazungulira zidole zawo musawaitane, ndipo akadutsa pamutu panu potembenuka musawawombere. Ngati dambo ndi laling'ono, kulankhulana kumaposa kupikisana. Magulu awiri ang'onoang'ono akaphatikizana amagwetsa zambiri kuposa akamasokonezana.

Ndaitanidwa koyamba. Ndisalakwitse chiyani?

Fikani msanga, nyamulani nawo katundu, ndipo pomaliza musathawe kuzula zidole m'madzi ozizira. Khalani pamene akuikani. Foni ikhale chete, tochi isawalire anthu m'maso, mowa udikire mfuti zilowe m'zikwama. Ngati simunazindikire mtundu wa mbalame, isiyeni. Funsaninso ngati gululo limawombera abakha aakazi, poti ena amawasiya dala ngakhale lamulo likulola.

Chachikulu china: malo amene mwaonetsedwa si anu. Mwini wake anawapeza ndi thukuta, mwinanso anachita kupempha kwa mwini munda. Kubwererako sabata yamawa ndi anzanu ena, kapena kuika chithunzi choonetsa malowo pa Facebook, ndi njira yachidule yothetsera chibwenzi.

Mnzathu wina amagwira mfuti mosasamala, koma ndi wamkulu kwa ife. Timuuze bwanji?

Za ulemu, monga kulanda mbalame kapena kulongolola, zingadikire mpaka pobwerera, mumutengere pambali. Za mfuti yoloza munthu sizidikira, ndipo sizionera msinkhu. Nenani pomwepo, modekha koma momveka: "Pepani bambo, mfutiyo yandiloza." Mlenje weniweni amathokoza ngakhale nkhope itagwa. Akabwerezanso kapena akayamba kukangana, chotsani zipolopolo zanu mutuluke mumsasamo.

Ndipo ngati wouzidwayo ndinu, musayankhe kuti "Mulibe kanthu m'menemu" kapena "Ndatseka loko." Sunthani mfutiyo basi.

Tikamaliza, akhwangwala ophedwa ndi makoko a zipolopolo titani nazo?

Tolani zonse. Makoko ndi apulasitiki, saola, ndipo mwini munda akawapeza ali mbwee pamodzi ndi mitembo ya mbalame, chaka chamawa chipata chidzakhala chotseka kwa inu ndi kwa alenje ena onse. Alipo amene amadya akhwangwala, koma ngati gulu lanu silidya, funsani mwini malo pamene mungawakwirire, kutali ndi madzi ndi njira za anthu. Ovulala amalizidwe pomwepo, osasiyidwa akuphupha kuti akoke anzawo.

Gwirani mbalame mutavala magolovesi ndipo musambe m'manja musanadye kanthu. Abakha ndi atsekwe akutchire amanyamula chimfine cha mbalame, ndipo akhwangwala amafa kwambiri ndi kachilombo ka West Nile. Mbalame imene mwaipeza itafa kale, kapena imene ikuoneka yodwala isanawomberedwe, musaiike m'thumba ndipo galu asaitole.